Mtengo wa m'khola la zitsulo

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana konko ku Mulanje. Kuno ku Cape Town tili bwino, kungoti mvula yakuno imagwa m'nyengo yozizira, ndiye mawondo akudandaula.

Lamulungu lapitali ndinakayenda ku Kirstenbosch, munda waukulu wa mitengo ndi maluwa umene uli m'munsi mwa Table Mountain, womwe anautsegula mu 1913. Zaka zonsezi ndikulima maluwa m'mayadi mwa eni ake, koma kulowamo kanali koyamba. Ndili mkati ndinapeza mtengo wina atautchingira khola la zitsulo kutsinde. Ndinaseka, nkufunsa mnyamata wogwira ntchito momwemo kuti kodi mtengo ungathawire kuti? Iye anangoti, "Tikuopa manja a anthu."

Mitengo yake amaitcha cycad, Mabunu amati broodboom. Ukaiona umayesa kanjedza wopinimbira, masamba olimba obaya, pakati nkutuluka chinthu chonga chinanazi chachikulu. Imakula pang'onopang'ono kwambiri moti wobzala amafa mtengo usanamupitirire msinkhu. Ina ndi yaimuna, ina yaikazi, monga mapapaya akwathu. Wa m'kholawo ndi Encephalartos woodii. John Medley Wood anaupeza mu 1895 m'nkhalango ya Ngoye ku KwaZulu-Natal, ndipo unali waumuna. Waukazi sanaupezepo mpaka lero. Ndiye njere palibe, yonse imene ilipo padziko inachokera ku mphukira za mtengo umodzi womwewo, ngati m'mene timapatulira ana a nthochi. Khola lija nlotchinga mphukirazo.

Musayese nkukokomeza. Mu Ogasiti 2014 akuba analowa m'munda womwewu usiku, maulendo awiri, nkuzula mitengo 24. Pa imeneyi 22 inali ya mtundu wa Albany cycad, umene kutchire yatsalako yosakwana 100. Sanangozula chisawawa ayi, anasankha yosowa yeniyeniyo nkusiya inayo. Munthu wanjala wongofuna ya ufa sangadziwe kusiyanitsa mumdima, mvula ikugwa. Alipo anamutuma, ndipo wotumayo ali ndi mpanda wautali ndi galu pageti. Chaka chomwecho mu Januwale, ku Kew Gardens, munda wina waukulu wa mitengo ndi maluwa ku London, wina anazula kaduwa ka m'madzi kochokera ku Rwanda, kochepetsetsa pa mtundu wake wonse, nkutuluka nako. Ku London kumene, kwa eni ndalama!

Chimene chandilembetsa kalatayi ndi china. Mwezi watha kunyumba ina kumene ndimagwira Lachinayi kunabwera pikapu madzulo. Munali chitsa chachikulu chokutidwa ndi masaka, masamba onse atasadza, mizu yoduladula ndi chikwanje, dothi lake lofiira losakhala lakuno. Bwana anandiuza ndikumbe dzenje kuseri, kumene wodutsa pamsewu sangaone. Apa mpomwe mtima unandigunda. Kuno sungasunge mitengo imeneyi popanda chilolezo cha boma, ndipo yambiri amaibaya kachipangizo mkati mwa thunthu koti akapima adziwe kumene inachokera. Ndinafunsa za mapepala. Bwana anandiyang'ana nkuti, "Iwe ntchito yako ndi fosholo." Ndinati msana wandigwira, nkunyamula chikwama changa. Lachinayi lotsatira anandiuza pafoni kuti apeza wina.

Sindikudzitama, achimwene, mantha analiponso. Apolisi akabwera, amene agwidwe ali ndi dothi m'manja ndi ine mlendo, bwana ali pakhonde akumwa tiyi. Koma chinandiwawanso ndi chitsa chija. Mwina chinaphuka agogo athu asanabadwe, ndipo mozulidwa choncho nthawi zambiri sichigwira, chimangoola pang'onopang'ono kuseri kwa nyumba.

Tsono kumeneko muli nawo wanu. Mnyamata wa ku Kirstenbosch uja atamva kuti ndine wa ku Mulanje anandiuza za Encephalartos gratus, umene m'mabuku amautcha Mulanje cycad. Ndinachita manyazi, chifukwa ndikuganiza kuti ndi timitengo tija tinkatilambalala m'miyala popita kokatola nkhuni, tikumatukwana minga yake. Inu amene mumaperekeza alendo kuphiri, wina akadzayamba kufunsitsa kuti imamera pati, akujambula ndi foni nkumafunsanso ngati galimoto ingafikepo, mumuonetse mathithi a Likhubula basi. Za mkungudza mukuzidziwa kale m'mene anaupululira anthu a masowo.

Ndalama ya fizi ya mwana ichedwako pang'ono chifukwa cha Lachinayi latayikali, koma pali mayi wina ku Claremont akufuna munthu wodulira mpanda, ndikamuona Loweruka. Mupereke moni kwa amayi, muwauze bulangete lija ndapatsira mnyamata wa basi yonyamuka pa 20.

Ndine mnzanu wakale,
wa ku Cape Town