Kalata kwa Limbikani, asanavule yunifolomu

Santhe, Kasungu

Wokondedwa mwana wanga Limbikani,

Ife kuno tili bwino. Chifuwa cha amayi ako chija chinatha, fodya tamaliza kudinda ndipo mabelo anayi apita kale ku Chinkhoma. Kaya inu kumeneko ndi apongozi anga ndi adzukulu.

Tsiku lija unandiimbira n'kunena kuti chaka chamawa ukufuna kutsanzika ku usilikali kuti ukafune ntchito yoteteza makompyuta ku mabanki kapena ku makampani a mafoni, ine ndinangoti ndamva. Nkhani yake si yokambirana mayunitsi akutha, n'chifukwa chake ndatenga cholembera.

Sindikukuletsa. Zaka 14 watumikira, ku Congo unapitako kawiri, ndipo amayi ako tulo tawo tinasokonekera kuyambira November 2018, pamene tinamva pa wayilesi kuti anzanu asanu ndi mmodzi aphedwa kufupi ndi Beni. Tuluka ndithu. Koma pali chinthu chimene sindinakuuzepo bwinobwino, ndipo ndikufuna uchimve usanasaine pepala lililonse.

Ine ndinatuluka mu 1996 ndili sajeni wa siginolo. Ndinali nditagona m'tchire la ku Mozambique tikulondera njanji ya ku Nacala, wayilesi ili kumsana. Ndinkatha kuimika eriyo mumdima, kulandira Morse mvula ikugwa pa tenti, kusintha makodi pa nthawi yake, ndi kulumikiza waya woduka ndi chitsulo chotenthetsa pamakala. Nditamva kuti kampani ina ku Lilongwe ikufuna munthu woika ndi kukonza mawayilesi a m'magalimoto, ndinakulunga buku langa lotulukira ntchito m'pepala la shuga kuopa mvula, n'kukwera basi. Bwana wake anandifunsa kuti, "Mumatha chiyani, bambo?" Ine ndinaima njo, manja kumbuyo, n'kutchula nambala yanga, udindo wanga ndi batalioni yanga. Iye anadikira. Ine ndinaona ngati ndayankha zonse. Anatsegula buku lija, n'kuwerenga pamene analemba kuti khalidwe langa linali labwino kwambiri, kenako anati, "Anthu okhulupirika ngati inu timawafuna pageti." Anandipatsa tochi, chibonga ndi jasi. Zaka 6 ndinaotha mbaula pageti limenelo. M'mawa ndikamaweruka ndinkaona anyamata akumanga eriyo molakwika pa malole, ine n'kudutsa osanena kanthu, poti kumene ndinachokera munthu sayankhula asanafunsidwe.

Bwana uja ndinamuda zaka zambiri. Lero ndimaona kuti iye anagula chimene ndinamuyalira. Iwe unakulira m'chigafa, ukudziwa mmene ogula amayendera pa okushoni: belo lililonse amaliyang'ana kamphindi, ndipo akapeza masamba apamwamba atasakanikirana ndi apansi amagula lonse pamtengo wa apansi, kapena kulibweza. Palibe amene amakhala pansi kuti akusankhire fodya wako. CV yako nayo adzaiyang'ana kamphindi komweko. Akaona "Staff Sergeant" ndi zilembo zachidule zimene mumamvana nokhanokha kubalaki, m'mutu mwawo mubwera mfuti ndi perete basi.

Pa Pasaka kunabwera mwana wa mkulu wa mpingo wathu amene amagwira ntchito ya makompyuta ku banki ina mu Lilongwe, ndipo ndinamusunga pansi pa mtengo wa mango masana onse ndi mafunso. Anandiuza kuti makampani aakulu amakhala ndi chipinda chimene amachitcha SOC, mmene anthu amasinthana usana ndi usiku kuyang'ana ngati pali amene akuyesa kulowa mu netiweki. Akaona chachilendo amachilemba ndi nthawi yake, n'kudzutsa woyenera kudzutsidwa, ndipo wotuluka amasiyira wolowa zonse zimene zachitika. Ndinamuuza kuti mwananga wakhala akuchita zimenezo zaka ndi zaka, ndipo ifenso tinkazichita ndi buku ndi pensulo. Iye anati vuto lawo lalikulu ndi lomwelo: achinyamata ochokera ku koleji makompyuta amawadziwa, koma 3 koloko ya usiku belu likalira ena amasokonezeka, ena amayamba kukonza asanalembe chimene aona, umboni n'kufufutika. Munthu amene amalemba kaye, amene amadziwa kuti nkhani iyi ndi yodzutsira bwana ndipo iyi ingadikire kucha, ameneyo amasowa.

Ndiye polemba usayambe ndi udindo. Yamba ndi ntchito. Unkayang'anira makompyuta angati, m'malo angati? Anthu angati ankagwira ntchito pansi pako, ndipo angati unawaphunzitsa wekha? Vayirasi italowa unachita chiyani choyamba, ndipo zinthu zinabwerera m'malo patapita maola angati? Ndani ankaloleza kuti uje alowe mu seva iyi koma uje ayi? Ku Congo unasunga mauthenga akuyenda magetsi kulibe, ukugwira ntchito ndi anthu a ku Tanzania ndi a ku South Africa amene makina awo ndi osiyana ndi anu. Zilembe choncho. Ukamaliza upatse apongozi anga awerenge. Pamene akufunse kuti apa ukutanthauza chiyani, dziwa kuti bwana nayenso adzakakamira pomwepo.

Apa tsono pali msampha, ndipo ndikufuna undimvetse. Lumbiro la chinsinsi silivulidwa pamodzi ndi yunifolomu. Pa intavyu munthu amafuna kuoneka wodziwa, ndipo lilime limaterera. Mayina a makina anu, malo amene ali, mmene analumikizirana, pamene pali pofooka, zimenezo n'za boma mpaka kumanda. Ungathe kufotokoza mmene unaganizira ndi mmene unathetsera vuto osatchula kuti kunali kuti. Akakukakamiza, anene mwaulemu kuti zimenezo sungathe kuzinena. Bwana wanzeru adziwa pomwepo kuti zinsinsi za banki yakenso zidzakhala m'manja otani. Pa Facebook ndi pa LinkedIn chimodzimodzi. CV ikatha, uwaonetse akuluakulu ako usanaitumize kulikonse.

Za mapepala, mnyamata uja anandilembera mayina pa katoni ya sopo, ndipo ndikukopera mmene analembera. Makosi amene unachita ku koleji ya asilikali ya MAFCO ku Salima ndi kunja ndi abwino, koma olemba ntchito amafuna satifiketi imene akuidziwa kale. Yoyambira ndi Security+ ya bungwe la CompTIA. Simafuna kuti ukhale ndi zaka zakutizakuti pantchito, ndipo ngakhale asilikali a ku America amaifuna kwa anthu awo a makompyuta. Yaikulu ndi CISSP. Imeneyo imafuna zaka 5 za ntchito m'magawo osachepera awiri mwa magawo 8 amene anaika, ndipo ukakhoza mayeso pamafunika munthu amene ali nayo kale kuti akuchitire umboni. Zaka za usilikali zimawerengedwa, koma pokhapokha pali wotsimikiza. Choncho usanatuluke pageti la balaki, pempha kalata kwa bwana wako yonena masiku amene unayamba ndi ntchito zimene unkagwira, m'mawu oti munthu wamba amve. Ine ndinabwerera kukapempha kalata yotere patatha zaka ziwiri. Meja amene ankandidziwa anali atasamutsidwa, amene analipo sankandidziwa nkhope.

Mayeso amenewa amalipiritsa madola, ndipo CISSP yokha ndi madola oposa 700. Ukukumbukira mmene kwacha inagwera ndi 44 peresenti mu November 2023, ndi mmene madola akusowera m'mabanki. Yamba kusunga panopo, ndipo Security+ ulembe udakali pa malipiro a boma. Ngati akukufunsa digiri, ku MUST ku Thyolo kuli maphunziro a chitetezo cha makompyuta, ku MUBAS nakonso amaphunzitsa za makompyuta. Ufufuze ngati ungaphunzire uku ukugwira ntchito.

Ndalama zako zotulukira ntchito zikadzafika, abale adzachuluka ndi nzeru. Wina adzati gula Sienta, wina adzati njinga za kabaza zitatu. Anzanga amene tinatuluka nawo limodzi ambiri anagula minibasi, ndipo ndinaziona zikugona pa njerwa chaka chisanathe. Iwe uli ndi luso m'mutu, ndalamazo zidyetse lusolo ndi kusunga banja miyezi imene udzakhale ukudikira. Ndiponso akakutchulira malipiro usadumphe ndi chimwemwe. Kubalaki nyumba, chipatala ndi zovala zantchito sunkaziwerengera. Kunja kuno lendi, madzi, magetsi ndi thiransipoti zonse zidzachoka m'thumba lako. Funsa za chipatala, funsa za penshoni, poti lamulo limati bwana aziika 10 peresenti iwe 5. Kufunsa malipiro kunja kuno si mwano. Ndipo kalata yotsanzika usaipereke chifukwa cha lonjezo la pakamwa. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wa mphepo.

Chimene chidzakuvute kwambiri, mmene ndikukudziwira iwe, si makompyuta. Ndi anthu. Kwanu ukanena kuti flashi siiloledwa mu ofesi muno, nkhani yatha. Kunja kuno bwana wamkulu yemweyo ndi amene adzatsegule uthenga wachinyengo, n'kukwiya ukamuuza kuti asinthe mawu ake achinsinsi. Sungamuyendetse perete. Uyenera kumuonetsa kuti makina akaima tsiku limodzi kampani itaya ndalama zingati, ndi kuti kuyambira 2024 kuli lamulo loteteza mbiri za anthu limene MACRA ikuyang'anira. Umukumbutse za February 2024, pamene Pulezidenti Chakwera anauza Nyumba ya Malamulo kuti akathyali alowa m'makompyuta a mapasipoti ndipo akufuna dipo, anthu n'kukhala masabata ambiri osalandira mapasipoti. Mwinanso wokuyang'anira adzakhala mwana wa zaka 27 wobwera ku ntchito atavala jinzi. Umulemekeze, koma ukaona cholakwika unene osadikira kufunsidwa. Eriyo zija ndikanangotsegula pakamwa kamodzi.

Anthu akadzadziwa ntchito yako adzabwera usiku. Wina adzafuna umutsegulire WhatsApp ya mkazi wake, wina adzati ungoona ngati mnzake wa bizinesi ali ndi ndalama ku akaunti. Lamulo la 2016 la za pa intaneti limati kulowa m'kompyuta ya wina popanda chilolezo ndi mlandu. Ngakhale kampani imene yakulemba ikakuuza kuti uyese kuthyola makina ake kuti aone ngati ali olimba, usayambe asanakupatse chilolezo cholemba ndi kusaina. Zikadzavuta, amene anakuuza pakamwa adzaiwala.

Amayi ako anandiletsa kukuuza izi, koma ndikuuza. Chaka chatha fodya atagulidwa, munthu wina anawaimbira akulira kuti watumiza ndalama za maliro ku nambala yawo molakwitsa. Uthenga unalidi pafoni, wooneka ngati weniweni. Iwo ndi chifundo chawo anayenda mpaka pa ejenti n'kubweza K85,000, ndalama ya feteleza. Madzulo ake nditayang'ana ndinapeza kuti palibe ndalama imene inalowa. Anakhala pakhonde mpaka mdima, chitenje chili kukamwa, nsima osadya. Chimene chinawapweteka kwambiri si ndalamayo, koma kuti anaberedwa chifukwa cha mtima wabwino. Kuyambira tsiku limenelo ntchito yakoyi ndinasiya kuiona ngati ya m'maofesi a ku Lilongwe okha. Ukadzakhala pa mpando umenewo, m'makompyuta amene udzalondere mudzakhala ndalama za anthu a ku Santhe, a ku Chamama ndi a ku Nkhamenya, amene sadziwa n'komwe kuti kuli munthu amene sagona chifukwa cha iwo.

Ukabwera pa tchuthi cha August ubwere ndi CV ija tidzaiwerenge limodzi. Mnyamata wa ku banki uja wavomera kuti udzamuimbire, nambala yake ndikupatsa ukafika. Amayi ako akuti mtedza wa apongozi anga ausunga thumba limodzi, ndipo Tadala abwere ndi malipoti ake a kusukulu. Ubwerenso ndi batire la foni yanga, lakale lija latupa.

Ndine bambo ako.