Njinga zamoto zakumbukira machona athu kuno ku Harare

A Mkonzi,

Ndiloleni ndilembeko kuchokera kuno ku Harare. Ine ndinabadwira konkuno ku Mabvuku koma malemu bambo anga anali a ku Ntcheu, ndipo pakhomo pathu sankalola kuti mwana aziwayankha m'Chishona, nchifukwa chake mpaka lero ndimatha kuwerenga nyuzi yanu pa foni. Chomwe ndaona nchoti mukangolemba za njinga yamoto ndimadziwiratu kuti ndi ngozi ya kabaza, wina wathyoka mwendo, wina watisiya, apolisi alanda njinga zingapo. Sindikutsutsa ayi, zimenezo zikuchitikadi. Koma lero ndati ndikuuzeniko zomwe njinga zomwezi zachita kuno Loweruka lapitali, poti mpaka pano mtima wanga sunakhazikike.

Ntchito yanga ndi umakaniko wa njinga zamoto, ndakulira pa sipanala. Kugalaja kwanga kumabwera anthu a mitundu iwiri, anyamata onyamula katundu aja okhala ndi bokosi kumbuyo amene amathamanga tawuni yonse tsiku ndi tsiku kuti apeze ya ufa, komanso mabwana ochepa a njinga zikuluzikulu zomwe amazitulutsa Lamulungu lokha. Anthu awiriwa pamsewu sapatsana moni. Nde mmodzi mwa anyamata a mabokosiwa, mdzukulu wa munthu wa ku Mangochi, ndi amene anayambitsa nkhani pa gulu lathu la WhatsApp kuti abale, June wafika, kuzizira kwa Harare mukukudziwa, pali agogo athu akugona ndi kabulangete kamodzi, bwanji tisonkhane tionetse njinga zathu anthu alipire kangachepe tikawagulire zofunda. Ena anaseka. Koma mabwana aja atamva anati nafe tilowa, basi nkhani inapsa choncho.

Tinapempha bwalo pa sukulu ina, pageti munthu amapereka dola imodzi, wopanda dola amabweretsa shuga, sopo, mafuta ophikira kaya bulangete lakale bola lochapa bwino, ena amatumiza ndalama pa foni kudzera pa EcoCash. Njinga tinaziimika mizeremizere, ma Honda ndi ma Yamaha ang'onoang'ono, za ku China zomwe anyamata amagwirira ntchito, ma BMW aatali aja opitira maulendo akutali, ndi Harley-Davidson imodzi yomwe ikalira pansi pamachita kunjenjemera. Chomwe chinandisangalatsa ndi mmene tinasankhira njinga yopambana. Panalibe oweruza. Kutsogolo kwa njinga iliyonse tinaika chitini chomata, amene yamusangalatsa njingayo aponyemo ndalama, chitini cholemera kwambiri ndiye chapambana, ndipo ndalama zonsezo zikupita kuthumba limodzi. Tonse timaganiza kuti Harley itenga. Koma yomwe inapambana ndi BSA yakalekale ya agogo ena aamuna a ku Tafara, njinga ya ku England yomwe makampani ake anasiya kalekale kupanga ya mtundu umenewo, koma mkuluyo amaisamala ngati mwana, anangoponda kiki kamodzi iyo nkulira, anthu kuwomba m'manja, amayi kululutira. Ine monga makaniko ndinagwada pansi kuyang'ana injini ija, palibe olo kadontho ka oyilo.

Kunalinso mpikisano woyenda pang'onopang'ono, wopambana ndi amene wafika pomaliza osaponda pansi. Apa anyamata a mabokosi anawasambitsa chokweza mabwana, poti iwowo tsiku lililonse amapinda pakati pa maminibasi pa Mbare, kilatchi amaidziwa ngati chikhatho chawo.

Masana tinanyamuka pa mdipiti. Chilolezo cha apolisi tinali titatenga kale, kutsogolo ndi kumbuyo kunali anzathu ovala majekete owala, tonse awiriawiri, magetsi oyatsa, wopanda helimeti amatsala olo akhale mwini njinga yodula bwanji, ndipo mowa tinagwirizana kuti aliyense auone njinga itaimikidwa kunyumba. Tinadutsa Mutare Road nkulowa Samora Machel Avenue, kumbuyo kukubwera kalole kodzadza mabulangete ndi matumba a ufa, anthu m'mbali mwa msewu kujambula ndi mafoni, mpaka tinakafika pa nyumba ina yosungirako okalamba.

Apa ndi pomwe pagona nkhani yanga a Mkonzi. Owerenga ena achichepere mwina sadziwa kuti kuno kuli a Malawi ambirimbiri omwe anabwera dziko lino likadali Southern Rhodesia, mzinda uno ukutchedwa Salisbury. Ena anabwera wapansi kudzera ku Tete, ena pa malole a Ulere onyamula ofuna ntchito, ena analembedwa ndi bungwe lolemba anthu ntchito la Mthandizi, makamaka nthawi ya chitaganya kuyambira 1953 mpaka 1963 pomwe Nyasaland ndi ma Rhodesia awiri anali pansi pa ulamuliro umodzi. Anagwira ntchito m'mafamu a fodya, m'migodi, m'makhitchini a azungu, ku fakitale ya simenti kufupi ndi kwathu ku Mabvuku kuno. Ankati ndikangogula njinga yakapalasa ndi suti ndibwerera. Ambiri sanabwerere, ndiwo machona aja mumawanena kumudziko. Mnzawo wa Chishona akakalamba amapita kumudzi kwawo komwe kuli munda ndi abale, koma mchona apita kuti? Pamene mafamu amalandidwa kuyambira mu 2000 ambiri anataya ntchito ndi pokhala pomwe, kenako lamulo la unzika la 2001 linasiya ena opanda dziko, chitupa cholembedwa kuti ndi mlendo chonsecho munthu anabadwira konkuno. Malamulo a dziko a 2013 anakonzako zimenezi kwa ife obadwira kuno, koma kwa gogo wa zaka 90 yemwe alibe mwana womuyang'anira, pepala silimufunditsa usiku.

Titafika, agogo aja anawatulutsa panja kuothera dzuwa. Ine ndinapita kwa bambo wina wowonda, wovala chipewa cha ulusi, ndinagwada nkunena kuti muli bwanji agogo. Anandiyang'ana nthawi yaitali osayankha, kenako anandigwira dzanja mwamphamvu nkufunsa kuti mwana wanga kwanu nkuti. Ndinati kwa bambo ndi ku Ntcheu. Iwo anati ine kwathu ndi ku Nkhotakota, kodi Ilala ikuyendabe panyanja paja? Ndinawauza kuti ikuyendabe agogo, imaima ndithu ku Nkhotakota, nkuwaonetsa chithunzi chake pa foni. Sitima ija inayamba kuyenda mu 1951, iwo amati anaikwera ali mnyamata asanatuluke m'dziko. Anagwira foni ija ndi manja awiri osafuna kuibweza, milomo ikunjenjemera. Amayi osamalira pamalopo anandinong'oneza kuti bambowa amakhala chete masiku ambiri, sankadziwa kuti amatha kucheza chonchi. Ine misozi inatsika pamaso pa anyamata anga onse ndipo sindinaibise, chifukwa ndimaona bambo anga pampando paja, kusiyana kwake nkoti iwo anali ndi ife.

Agogo enanso anapempha kuti awakweze pa BSA ija. Sitinayende nawo ayi, tinangowakhazika pa chishalo awiri atawagwirira uku ndi uku, injini ikulira, iwo atagwira mahandulo kuseka mano onse awiri ali pamtunda.

Ndikudziwa pali ena mdera mwathu omwe akuti izi ndi zodzionetsera, phokoso lokhalokha, ndalama ya petulo munawotchayo bwenzi mutangopereka. Za phokoso ndikuvomera, tinasokoneza anthu ndipo chaka chamawa tiyambe mochedwerako. Koma za petulozo ayi. Mutati mudutse khomo ndi khomo ndi mbale kupempha ya okalamba, ndani akupatseni masiku ano pomwe aliyense akulira? Anthu anabwera chifukwa cha njinga, ana anakoka makolo awo, ndipo atafika anapereka mokondwa. Chinanso, zitini zonse tinatsegulira pabwalo pomwepo anthu akuona, owerenga ndalama anali amayi awiri a bungwe la zamaliro ndi mkulu wa mpingo mmodzi, osati ife eni njinga, ndipo malisiti a zonse tinagula tinawajambula nkuwaika pa gulu. Amene akufuna kuchita zotere asadumphe pamenepa, chifukwa ndalama ya chifundo ikangosowa kamodzi anthu sadzabweranso.

Nde ndikufuna ndilankhule ndi achimwene anga a kabaza ku Lilongwe, ku Blantyre, ku Mzuzu ndi m'maboma monse. Inu muli ndi njinga zochuluka kuposa ife kuno, muli ndi masiteji ndi atsogoleri anu, mumadziwa njira iliyonse mpaka kumudzi komwe galimoto siifika. Bungwe la Riders for Health lomwe njinga zake zimanyamula magazi okayezetsa kuchokera m'zipatala zing'onozing'ono kumudziko linayambitsidwa ndi anthu a mipikisano ya njinga zamoto, anthu ngati ife tomwe. Tsiku limodzi lokha pa chaka, tsukani njinga zanu, valani mahelimeti nonse, tengani chilolezo, mukayendere agogo a mdera lanu kaya mabanja omwe mpaka pano sanaimirire chichokereni namondwe wa Freddy mu 2023. Anthu akuoneni mukuyenda mwadongosolo, mwina ndi dzina lanu lomwe lisintha.

Ndipo inu achinyamata mukukhamukira ku Joni lero, agogo ndinawagwira dzanja aja nawonso ankati apita zaka ziwiri zokha. Chaona mnzako chapita mawa chili pa iwe. Imbani foni kumudzi, osadula mchira.

Kwa mabanja omwe muli ndi malume kaya agogo amene anapita ku Rhodesia osamvekanso, musafulumire kunena kuti anamwalira. Funsani kudzera ku mipingo ya CCAP ya Sinodi ya Harare, ku mizikiti, kaya ku mabungwe a zamaliro a a Malawi ku Mbare, Highfield, Mufakose ndi Mabvuku, anthu amenewa amadziwana ndipo amasunga maina a midzi ndi mafumu. Ife tagwirizana kuti tibwererenso kwa agogo aja mwezi wamawa opanda mdipiti, tikalembe dzina la aliyense, mudzi wake ndi mfumu yake, ndipo ndikupempha a Mkonzi kuti tikatumiza, eni ake atavomera, mudzatipatseko kadanga m'nyuzi yanu.

Potsanzikana, bambo a ku Nkhotakota aja anandikoka malaya nkunena kuti bulangete alandira athokoza, koma akulakalaka usipa wouma. Ndalankhula kale ndi mayi wina wa geni amene amakwera basi yodzera ku Mwanza, Tete ndi Nyamapanda, wati abwera nawo sabata yamawa.

Ine wanu,
Mwana wa mchona,
Mabvuku, Harare