Madalaivala sasiya njira yachidule popanda chifukwa

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo pa dandaulo limene ndimalimva kawirikawiri kuno ku Mangochi, loti madalaivala amasiya dala njira yachidule kuti apezerepo danga lokweza mtengo. Ine ndimagulitsa usipa ku Lilongwe, ndipo malinga ndi zimene ndakhala ndikuona pa maulendo anga, ambiri mwa anthuwa tikungowanamizira.

Pamapu, njira yaifupi yopita ku Lilongwe ndi yotsata msewu wa ku Monkey Bay, kukhotera ku Golomoti, kenako kukwera Khwekhwelere mpaka kukatulukira mu M1 chakufupi ndi Dedza. Ya ku Liwonde, Balaka ndi Ntcheu ndi yozungulira ndithu, popeza umayamba wathera makilomita pafupifupi 75 kulowera kumwera, Lilongwe utamufulatira. Koma mapu sanena kulemera kwa katundu.

Tsiku lina tinamuumiriza dalaivala wa lole yathu, bambo wachikulire ndithu, kuti adzere ku Khwekhwelere chifukwa tinkafuna kukapeza msika m'mamawa. Tili pakati pa phiri injini inatentha, madzi n'kuyamba kubwata, ndipo mnyamata womuthandiza analumpha n'kuthamangira kukaika mwala kuseri kwa tayala kuti galimoto isabwerere m'mbuyo, kumbali kuli chiphedi. Tinakhala pamenepo mpaka dzuwa kutuluka. Bambowo sanatikalipire, anangoti, “Ana anga, ine ndimawerenga zitunda, osati makilomita.”

Wa minibasi nayenso ali ndi masamu ake. Iye amatsata kumene kuli anthu, chifukwa wotsika pa Ulongwe amasiyira mpando wina wokwera, pomwe njira yachidule yopanda okwera imangomwa mafuta amene sabwerera. Onjezanipo maenje othyola masipuling'i, matope a dzinja, komanso mantha oti galimoto ingafere kutali ndi makaniko usiku.

Sindikuikira kumbuyo aja amene amalowa m'tinjira ta m'midzi pothawa apolisi apamsewu, n'kumathamanga pomwe ana akusewera. Amenewo akulakwa, ndipo ayenera kulangidwa.

Pempho langa likupita kwa akuluakulu oona za misewu. Musanasankhe msewu woti mukonze m'boma lino, bwerani mudzakhale pansi ndi madalaivala a malole, a minibasi komanso akabaza, muwafunse malo amene amawazemba ndi zifukwa zake. Adzakutchulirani mlatho uliwonse ndi khona lililonse, kuyambira ku Chiponde mpaka ku Makanjira.

Wogulitsa usipa,
Mangochi