Mabokosi aja sindikutaya

Chinamwali, Zomba

Achimwene a Bwanali,

Katundu uja wafika Lachiwiri, mwana wa a Jumbe ndiye anabwera naye. Mankhwala a mayi a Tadala tawaona, Mulungu akudalitseni. Koma kasipika kaja! Kachinthu kokwana m'thumba la jekete, ndiye n'kumalemba kuti "tayani mabokosi aja akungotha malo"? Mabokosi ake ati? Masipika a Wharfedale omwe tinakankha pa wilibala kuchokera ku Chirunga mpaka ku Chikanda, mphunzitsi wachizungu uja akubwerera kwawo? Njira yonse inu munkangolira msana. Lero mwakhala ku Leeds mwayamba kunyoza, chonsecho kwawo kwa masipikawa n'komweko. Gilbert Briggs anayamba kuwapanga mu 1932 m'nyumba mwake ku Ilkley, fakitale n'kudzakhala ku Bradford, pakhomo panu penipeni.

Ndinati mlanduwu tiuzenge. Loweruka Tadala anabwera ndi laputopu ndi maikolofoni yobwereka, ine ndinatulutsa mita yanga yakale ija. Kumbuyo kwa bokosi analemba 8 ohms, muyezo wa mmene sipika imakanizira magetsi, mita ikuti 6 ndi pang'ono. Ndinayamba kudandaula, mwana akuti ndi mmene zimakhalira, mita imayeza waya wokha sipika ili chete. Kenako anatenga batire la tochi n'kugunditsa ku mawaya. Ya kumanja pepala lake linatumphukira kunja, ya kumanzere linalowa m'kati. Achimwene, mawaya ndinawasemphanitsa! Kuyambira liti, kaya. Mwina tsiku lomwe tinasamukira kuno. Zaka zonsezi ina ikukankha mpweya inzake ikukoka, besi n'kumaphana yokhayokha, ine ndili pa mpando kugwedeza mutu ngati katswiri.

Titakonza, laputopu inaliza kamluzu koyambira pa mawu a besi a 20 Hz kukwera mpaka osongoka a 20,000 Hz, ndipo pagalasi panatuluka mzere wosonyeza mmene sipika ikuwalizira. Wa kasipika kanu, ndivomere, ndi wowongoka ndithu pakati ndi pamwamba. Koma pansi umangogwa ngati munthu waterereka ku Chingwe's Hole, ndipo ukakweza voliyumu kamabweza kokha besi kuopa kung'ambika. Akuti muli kakompyuta kolondera zimenezo. Wa mabokosi anga uli ngati msewu wokwera Ku Chawe: chitunda pa besi, kadzenje pakati, kenako kutsetsereka. Tadala akuti makapasita a m'kati, tizipangizo tothandiza kugawa mawu, anauma, n'chifukwa chake katwita, kotulutsa mawu osongoka m'bokosimo, sikakulandira zake bwino. Chinandiseketsa n'chakuti titangochotsa bokosi pakona n'kulikokera patsogolo, chitunda chija chinaphwa. Ndiye timayeza sipika kapena pabalaza?

Pomvetsera anaumirira kuti zonse zilire mofanana, poti khutu limakondera chofuula. Tinaika kwaya, kenako rumba ya kale ija. Pa kanu mawu aliwonse amamveka, ngati wowerenga nkhani za pa wailesi. Pa anga gitala ya besi imakufika m'chifuwa, kabati ya mbale n'kumanjenjemera. Mayi a Tadala anasankha kanu, ati sikafuna kupukuta fumbi.

Tsopano imvani chomwe chandisowetsa tulo. Mwanayo anati tiyese kamluzu ka 15,000 pakokha. Ine ndakhala phee, kudikira. Ndikuona iye wakwinya nkhope, galu wathu Bingo wadzuka pakhonde wapita kuseri. Ndikuti, "Yambitsa, iwe." Akuti, "Bambo, kakulira kalekale." Ndinati katwita kafa. Anasinthira pa kasipika kanu, chimodzimodzi. Anatsitsa, anatsitsanso, mpaka chapafupi ndi 11,000 m'pamene ndinamva kanthu ngati udzudzu uli chipinda china. Akuti n'zaukulu, aliyense mawu osongoka amayamba kumuthawa. Aliyense! Bambo anga munawaona, ankangomwetulira anthu akuwafunsa za maliro. Chakudza sichiimba ng'oma, ndipo chikanaimba kaya ndikanamva. Usiku ndimagona chagada kuwerenga zomwe ndikumva: achule a ku Likangala alipo, koma nkhululu zija zinapita kuti? Ndinkati zinatha ndi mankhwala a m'minda. Mayi a Tadala akuti akhala akundiuza zaka zitatu. Ndinawayankha kuti sindinamve, sanaseke.

Ndiye taganizani, munthu wokangana ndi anzake zaka makumi atatu kuti masipika a masiku ano amalira ngati chitini, kumapezeka kuti gawo lina la nyimbo silimufika n'komwe. Mwina mabokosi angawa ndimawakonda chifukwa tikugonthera limodzi.

Chinkhoswe cha Chisomo chili mu Ogasiti, mnyamatayo ndi wa ku Domasi. A Mbewe tinawaika mwezi watha, shuga uja. Kabenchi kawo ku msika pakhala mnyamata wogulitsa machaja, ndiye makapasitawa adzandiwotcherera ndani? Matemba a ku Chilwa nawo akwera mtengo moti kambale kake mungalire.

Magetsi angozima. Ndikulemba ndi kandulo, ndipo chomwe chikuimba m'nyumba muno ndi kasipika kanu, mabokosi ali duu ngati alendo a pamaliro. Musauze a Jumbe. Mukapita ku Bradford mundifunsireko makapasita, manambala ake ndinalemba pa kapepala kena, mwina ndinakaika mu Baibulo.