Lipoti la msonkhano wa amayi ndi achinyamata a mayiko anayi

A Tcheya, a Mlembi, Mayi Msungichuma, agogo athu, amayi ndi abambo nonse a sosaite yathu ya maliro ya ku Mbare, pamodzi ndi inu a ku Mufakose, ku Mabvuku ndi ku Epworth, ndakupatsani moni.

Munandituma ine ndi mwana wathu wamkazi, mtsogoleri wa achinyamata, ku msonkhano wa masiku awiri umene unachitika m'tauni muno mu Harare Lachinayi ndi Lachisanu. Tinapita ndipo tabwerako bwino. Lamlungu ndinangonena mothamanga chifukwa nthawi inathera pa zopereka za maliro, ndiye ndati ndilembe zonse kuti amene kunalibe asamve za m'maluwa.

Mu holomo munali nthumwi za ku Zimbabwe kuno, ku Malawi, ku Zambia ndi ku Mozambique. A ku Malawi anabwera pa basi kudzera ku Mwanza, Zobue, Tete mpaka ku Nyamapanda, ndipo ena anafika miyendo itatupa. Nkhani zinali ziwiri: kuti amayi ndi abambo asamasiyanitsidwe, zija timangoti za jenda, ndi kuti achinyamata aphunzitsidwe za ufulu ndi udindo wawo ngati nzika. Funso lomanga zonse linali lakuti mayiko oyandikanawa angathandizane bwanji, poti anthu ake ndi amodzi, amakwatirana, amagulitsana, amaikana m'manda.

Tsiku loyamba linali la malamulo, ndipo sindibisa, dzuwa litapendeka ena tinayamba kuwodzera. Komabe zofunika ndinalemba. Pangano la Maputo la 2003, la mayiko a mu Africa, limati munthu asakwatiwe asanafike zaka 18. Kuno ku Zimbabwe khothi lalikulu loona za malamulo a dziko linagamula mu Januwale 2016 kuti ukwati wa mwana ndi wosaloledwa, pa mlandu umene anakasuma Loveness Mudzuru ndi Ruvimbo Tsopodzi, amene iwonso anakwatiwa ali ana. Lamulo latsopano la maukwati linabwera mu 2022. Ku Malawi anaika zaka 18 mu 2015, koma munali kabowo m'malamulo aakulu a dziko kolola mwana wa zaka 15 kukwatiwa makolo akavomera. Kabowoko anakatseka mu Febuluwale 2017. Mozambique anatsatira mu 2019, Zambia mu 2023. Choncho mayiko onse anayi tsopano akuyankhula chimodzi: 18. Bambo amene amaganiza kuti akawolotsa mwana pa Nyamapanda ndiye kuti wathawa lamulo, akudzinamiza.

Pa za mipando ya utsogoleri ndi pamene tulo tinatha, chifukwa a ku Malawi ndi a kuno anakokana ndithu. Pangano la SADC losainidwa ku Johannesburg mu 2008 linkafuna kuti pofika 2015 theka la mipando likhale la amayi. Chaka chimenecho chinadutsa kalekale. Kuno njira imene anasankha ndi yosungira amayi mipando 60 mu Nyumba ya Malamulo, kuwonjezera pa 210 ya m'madera. Mu 2021 anatalikitsa nthawi ya mipando imeneyi, nawonjezera 10 ya achinyamata, ndi gawo la amayi m'makhonsolo. Mayi wina wa ku Lilongwe anati iwo alibe mipando yosungidwa, komabe anakhalapo ndi mtsogoleri wa dziko wamkazi, Joyce Banda, kuyambira 2012 mpaka 2014, ndi sipikala wamkazi, Catherine Gotani Hara, mu 2019. Mnzake wa kuno anamuyankha kuti munthu mmodzi pamwamba sadzaza nyumba. Wa ku Lilongwe nayenso osagonja: mipando yanu 60 ija ilibe dera, amayi okhalapo amanyozedwa kuti ndi aphungu aulere, ndipo zipani zapezerapo mwayi wouza amayi kuti m'madera musiyire abambo. Ine ndinaona kuti onse awiri akunena zoona. Chimene chinandikhudza ndi ndalama: pa chisankho cha Ogasiti 2023 wofuna kuimira uphungu kuno ankalipira madola 1,000 a ku America kuti dzina lake lingolowa pa pepala. Ndi mayi uti wogulitsa tomato pa Mbare Musika angatulutse zimenezo? Ku Malawi amayi amalipira zocheperapo kuyerekeza ndi abambo, ndipo tinagwirizana kuti ichi ndi choyenera kuchipempha kunonso.

Tsopano ndifike pa chimene ndikuona kuti munatitumira, ngakhale sichinali pa ndondomeko.

Lachisanu m'mawa anatigawa m'magulu kuti tikambirane za kuphunzitsa achinyamata. A ku Malawi anafotokoza za NICE, bungwe limene linayamba mu 1999, lili ndi maofesi m'maboma ndi anthu ongodzipereka oyenda m'midzi kuphunzitsa za chisankho. A kuno anafotokoza za Nyumba ya Malamulo ya ana, imene imatsegulidwa nthawi ya tsiku la mwana wa mu Africa, 16 Juni. Zonse zabwino. Ndiye wotsogolera gulu anati aliyense atulutse chitupa chake, tione ngati achinyamata amadziwa kuwerenga zolembedwapo. Anthu anapisa m'zikwama. Mwana wathu uja anatulutsa ziwiri, chake cha pulasitiki ndi china cha chitsulo chokulungidwa m'kansalu. Sindinkadziwa kuti wachitenga. Chinali cha agogo ake akazi, amene nonse mukuwadziwa, obadwira pa famu ku Mazowe, amene ku Malawi sanapondeko chibadwire. Anachiika pa tebulo, chinalira kuti ngwe, nachikankhira kwa wotsogolera uja. Pamene pa chake palembedwa CIT, kutanthauza nzika, pa cha agogo palembedwa ALIEN, kutanthauza mlendo.

Anayamba m'Chingelezi, mawu anamuthawa, anangolowa m'Chichewa chathu chino cha ku Halale, monga amanenera agogo, chosakaniza ndi Chishona. Anyamata awiri a ku Blantyre anayamba kuseka katchulidwe kake. Sanawalabadire. Anati: agogo anga awa sanavotepo kuyambira 2002. Azakhali anga alibe chitupa chilichonse. Ana awo atatu alibe bethi, kalata yobadwira ija, chifukwa kuti mwana alembedwe pamafunika chitupa cha mayi. Wamkulu mwa anawo anakwatiwa chaka chatha. Ine ndikudziwa kuti ali ndi zaka 16, tinakulira limodzi, koma mwamunayo akuti ali ndi 19, ndipo palibe pepala lomutsutsa. Ndiye 18 wanuyo timuwerenga kuchokera pati?

Anyamata aja anasiya kuseka. Ine ndinagwira pakamwa, chifukwa nkhani ya m'banja sitiulula pagulu chotero, ndipo madzulo ndinamuuza kuti akanayamba wandinong'oneza. Koma a Tcheya, ndikanakhala kuti ndinamuletsa, bwenzi titabwerako ndi mapepala okhaokha. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Malamulo onse aja a Lachinayi, kwa mwana wopanda kalata yobadwira, ndi fodya wapachala.

Loya wina wamkazi wa kuno amene anali m'gulu lathu anatenga nthawi kufotokoza gwero lake, ndipo ndikufuna achinyamata athu amve bwino, chifukwa ambiri amangodziwa kuti amatitcha mabhurandaya, ndiko kuti a ku Blantyre, osadziwa kuti zinayenda bwanji. Makolo athu anabwera kudzagwira ntchito m'mafamu, m'migodi ndi m'nyumba za azungu, ena nthawi ya chitaganya cha 1953 mpaka 1963, ena kale kuposa apo. Mu 2001 lamulo la unzika linasinthidwa, kuti aliyense amene angakhale ndi unzika wa dziko lina aukane mwalamulo m'miyezi 6. Anthu a m'makomboni a m'mafamu ambiri sanamve n'komwe, ena analibe ndalama yoyendera, ndipo anadzuka ali alendo m'dziko lobadwira. Koma malamulo aakulu a dziko a 2013 anakonza zimenezi. Gawo 43 limati munthu wobadwira mu Zimbabwe malamulowo asanatuluke, amene kholo lake limodzi kapena onse anali nzika ya dziko la mu SADC, ndipo iye ankakhala kuno, ndi nzika yobadwa nayo. Sakupempha chifundo ayi, ndi nzika. Gawo 35 limati nzika ili ndi ufulu wolandira chitupa, kalata yobadwira ndi pasipoti. Agogo aja akhala nzika zaka zonsezi akusunga chitsulo cholembedwa ALIEN m'kansalu, poti palibe anawauza m'chiyankhulo chimene amamva.

Pamenepa ndi pamene ndinaimirira nanenso. Gawo 6 la malamulo omwewo limatchula ziyankhulo 16 zovomerezeka, ndipo choyamba pa mndandandawo ndi Chichewa. Gawo 7 limalamula boma kuti limasulire malamulowa m'ziyankhulo zonsezo ndi kuwafalitsa. Ndinafunsa mu holo kuti ndani ali ndi buku la malamulowa la m'Chichewa kunyumba kwake, palibe anakweza dzanja, ngakhale ine wofunsane. Ndinauza a ku Malawi ndi a ku Chipata kuti ngati mukufunadi mgwirizano wodutsa malire, yambirani apa: inu muli ndi anthu ozolowera kuphunzitsa za unzika m'Chichewa, muli ndi masewero, nyimbo ndi mapulogalamu a pa wailesi, ife tili ndi anthu ofunika kumva. Malamulo ndi osiyana, zoona, koma luso lofotokozera agogo kuti voti ndi chiyani ndi limodzi.

Panabukanso nkhani ya chinamwali, ndipo apa mtima unandiwawa pang'ono. Bambo wina wa kuno ananena ngati kuti maukwati a ana m'mafamu amayamba ndi ife a Gule ndi chinamwali basi. Ndinamukumbutsa kuti Gule Wamkulu analemekezedwa ndi UNESCO mu 2005 ngati chuma cha Malawi, Zambia ndi Mozambique, ndi kuti maukwati a ana aliponso m'mipingo ina ndi m'mabanja amene sanaonepo dambwe. Komabe tisanamizane tokhatokha. Tikudziwa kuti alipo anamkungwi amene amalangiza mwana wa zaka 12 zinthu za m'nyumba ya banja, natuluka mwanayo akudziona ngati mayi. A ku Dedza anasimba za Inkosi Theresa Kachindamoto, imene inathetsa maukwati a ana mazanamazana, kubwezera anawo ku sukulu, ndi kuchotsa pa udindo mafumu ovomereza maukwati otere. Sinathetse mwambo, inangouika malire. Maganizo anga ndi akuti ifenso tikhale pansi ndi anamkungwi athu, amayi okhaokha, tigwirizane kuti chinamwali chizichitika pa holide, ndipo malangizo a banja azidikira wa zaka 18. Ndikudziwa kuti agogo ena aipidwa nazo. Ndibwera ndekha kudzagwada, tikambirane. Ndipo mwana akatenga mimba asachotsedwe sukulu: lamulo la maphunziro la kuno la 2020 limaletsa kumuthamangitsa, ndipo ku Malawi akhala akulola otere kubwerera m'kalasi kuyambira 1993.

Za amayi ochita malonda odutsa malire anazikamba mothamanga nthawi itatha. Chachikulu n'chakuti pali dongosolo la COMESA lopeputsira amalonda ang'onoang'ono a Malawi, Zambia ndi Zimbabwe, la katundu wosapitirira madola 2,000. Amayi athu oyenda ndi zitenje ndi mpunga andione, mapepala ake ndili nawo.

Potseka anagwirizana kuti dziko lililonse lipereke anthu awiri olumikizana nawo, kuti mwana akawolotsedwa kukakwatiwa, uthenga uzifika tsidya linalo basi isanafike. Kumbali ya Achewa a mu Harare analemba ine ndi mwana wathu uja, koma ndinawauza kuti mayinawo ndi ongogwirizira mpaka inu mutavomereza kapena kusankha ena. A ku Malawi analonjeza kutitumizira zophunzitsira zawo za m'Chichewa. Loya uja anati adzabwera ku Mbare tsiku limodzi kwaulere ngati tisonkhanitsa anthu. Malonjezo a pa msonkhano ndimawadziwa, ena amathera pa chithunzi cha pa khomo la holo, choncho nambala yake ndinaiimba pomwepo ali chiimire kuti ndione ngati ikulira.

Chimene ndikupempha kwa inu ndi ichi. Sosaite yathu ili ndi kaundula wa banja lililonse, chifukwa timafuna kudziwa woika m'manda. A Mlembi, kaundula yemweyo tiwonjezere mzere umodzi: ali ndi bethi kapena ayi, chitupa chake ndi cha CIT kapena cha ALIEN. Achinyamata ayende khomo ndi khomo awiriawiri, mtsikana ndi mnyamata, ndipo kuyenda kumeneko ndiye sukulu yawo yoyamba ya unzika. Tiyambe ndi amayi, chifukwa mayi mmodzi akapeza chitupa, ana ake onse atsegukiridwa njira. Aliyense afunefune makadi a sikelo, makalata a kuchipatala kumene mwana anabadwira, makalata a ubatizo ndi a ku sukulu, ngakhale odyedwa ndi njenjete, ndipo aganizire wachibale wokhala ndi chitupa amene angakhale mboni. Ndikupemphanso komiti ione ngati thumba lathu lingabwereketse ndalama ya kombi agogo opita ku ofesi ya zitupa, poti kumeneko kupita kamodzi sikukwana. Ndikudziwa kuti ndalamayo ndi ya maliro, ndipo ena akana. Tikavotere pa msonkhano.

Nkhani ya mwana wa zaka 16 uja sindiilemba zambiri pano. Amayi a komiti tikumane Lachitatu madzulo kunyumba kwa Mayi Msungichuma, mayi akewo avomera kubwera.

Pa madola 20 amene munatipatsa, 8 inapita pa kombi ya anthu awiri masiku awiri, 3 pa kujambulitsa mapepala a gawo 6, 7, 35 ndi 43 okwanira mabanja athu. Chakudya anatipatsa komweko. Madola 9 otsala ndapereka kwa Mayi Msungichuma, ndipo mapepalawo tidzagawa Loweruka likudzali nthawi ya 2 koloko, pamalo athu a masiku onse. Agogo aja abwere ndi chitsulo chawo chija.

Ine nthumwi yanu.