Musakwere ndi galu m'phiri la Mulanje ngati mulibe chomufunditsa

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhuleko ndi achinyamata amene akubwera kwathu kuno ku Mulanje nyengo ino ya chisanu kudzagona m'phiri atatenga agalu awo. Komwe zikuchokera ndikukudziwa, ndi mavidiyo aja akuyenda pa Facebook ndi TikTok, munthu yekhayekha ndi galu wake kulowa m'chipululu nthawi yozizira, kukhoma tenti pamchenga, kugona komweko, m'mawa khofi kumanja galu pambali. Inenso ndimaonera ndipo amandikomera zedi, sindikuletsa munthu kukonda galu wake ayi. Koma anzanga inu maso anu ali pa dzuwa lomwe likulowa mokongola basi, simukuyang'ana zomwe mwini galu ujayo wasenza kumsana.

Chipululu usiku chimazizira koopsa. Mpweya wake ndi wouma, mitambo kulibe, ndiye kutentha konse komwe mchenga unamwa masana kumathawa dzuwa likangolowa. Ku Kalahari, ku Botswana uko, mu Juni ndi Julaye masiku ena usiku kumafika pansi pa ziro. Mtsinje kulibe, ndiye madzi onse amachita kusenza, ake ndi a galu omwe, ndipo lita imodzi ya madzi ndi kilo yathunthu pamsana. Galu wa makilogalamu 15 amamwa pafupifupi lita patsiku angokhala pakhomo, nanga akamayenda tsiku lonse akupuma wefuwefu lilime lili panja? Ndiye muone bwinobwino m'mavidiyomo, galu ali ndi kajekete kake, kamatiresi kake kogonera poti dothi ndi limene limakoka kutentha m'thupi, ena mpaka tinsapato chifukwa cha minga ndi miyala, ndipo usiku amagona naye mutenti momwemo.

Ife kuno tikutenga galu amene anazolowera kugona paphulusa kuseri kwa khitchini, kumukoka ndi chingwe cha sisalo, chakudya ati adya mkute wotsala. Kuonjezera apo chisanu cha m'phiri mwathu ndi choipa kuposa cha m'chipululu pa chinthu chimodzi, ndi chonyowa. Chiperoni chikabwera kuchokera ku Mozambique chimatha kukhala masiku angapo, nkhungu mbuu, kamvula kowaza kosalekeza, mphepo ikuomba. Ubweya ukanyowa suthandizanso kanthu. Munthu ukamakwera, mamita 1,000 aliwonse kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6, ndiye mukanyamuka pa Likhubula mutavala tisheti musaganize kuti pa Chambe kapena pa Lichenya mukapeza zomwezo, kumeneko ndi mamita pafupifupi 2,000 ndipo miyezi ino m'mawa udzu umapezeka utayera ndi chisanu. Sapitwa, nsonga yaitali kwambiri ya phirili, ndiye musanene, mamita 3,002.

Ine ndimanyamulira alendo katundu m'phirimu, ndiye ndikunena zomwe ndinaona ndi maso. Anyamata ena ochokera mutauni anafika pa hati ina, nyumba yogona alendo m'phirimu, kutada kale, chiperoni chitawanyowetsa, ali ndi kagalu kachikuda kofiira kaubweya waufupi. Iwo analowa kukaota moto, galu anamumangirira pakhonde ati asadetse mkati. Pakati pa usiku ndinatuluka ndi tochi kukataya madzi, kagalu kaja kanali katadzipinda, mphuno pansi pa mchira, kakunjenjemera thupi lonse mpaka unyolo kumalira ngwee ngwee pathabwa. Nditakagwira makutu anali zii ngati mwala wa mumtsinje, ndipo kuphazi lakutsogolo kunali kutasupuka, magazi atauma pakati pa zala chifukwa cha matanthwe okhakhala aja. Ndinawadzutsa eni ake, tinakapukuta ndi chitenje, tinakayalira thumba pafupi ndi moto ndi kukapatsa phala lofunda. Kanachira ndithu, koma potsika mawa lake anachita kukanyamula paphewa mosinthana mpaka kumunsi. Anyamatawo sanali ankhanza ayi, galu wawo amamukonda, kungoti palibe anawauza.

Ndipo chisanu chimenechi si cha agalu okha. Mu 2009 mnyamata wa ku Brazil anafera ku Sapitwa konkuja, anakwera kumapeto yekha, nyengo inasintha, anamupeza patapita masiku ambiri. Ngati munthu wamkulu wovala zimamuchitikira, kuli bwanji nyama yosatha kunena kuti ndazizidwa tibwerere? Njira yopita pa Sapitwa kuchokera pa hati ya Chisepo ndi yokwawa, kudutsa m'mipata ya miyala, malo ena kugwira ndi manja onse awiri, galu alibe chochita kumeneko, ndikupempha ndithu musayerekeze.

Pali chinanso chomwe alendo sadziwa. M'phirimu muli misampha ya mawaya yomwe alenje amatchera, ndipo galu womasuka amene wamva fungo la mbira kapena kalulu n'kuthamangira m'tchire ndi amene amakodwa. Nkhungu ikatseka simumuonanso, mungomva kulira osadziwa kuti kukuchokera mbali iti, ndiye mwini wake amasiya njira kukamusaka, apo ndi pamene anthu amasochera. Komanso tinyama tatsala m'phirimu ndi tochepa kale, moto ndi alenje zatimaliza, mkungudza nawo ndi uwo unatha ndi macheka. Mu 2025 a UNESCO analiika phiri lathu pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse, sizingakhale bwino ife eni ake tikumasiya agalu kuthamangitsa zinkhoma zomwe zatsalazo.

Ndiye amene mwatsimikiza kuti galu wanu simumusiya, yambani mwafunsa ku ofesi ya zankhalango pa Likhubula ngati akuloleza, ndipo tengani gayidi, muwauziretu kuti muli ndi galu asadzangodabwa m'mawa. Akhale wobayitsa katemera wa chiwewe, poti mudutsa m'midzi momwe muli ana ndi agalu ena. Chingwe chisachoke m'khosi. Juzi yakale ya pa kaunjika yodula manja imamukwana bwinobwino, bulangeti lake likhale mu jumbo lisanyowe, thumba loyala pansi, mbale, ndi chakudya choposa cha masiku onse poti kuzizira kumadyetsa. Pofika pa hati muwapemphe alonda mwaulemu malo ouma oti agone, osati pakhonde poomba mphepo. Mukatsika mumusake nkhupakupa m'makutu ndi m'khwapa.

Ulendo woyamba musayambe ndi kugona. Pitani naye ku Dziwe la Nkhalamba masana, muone m'mene akuyendera pamiyala, madzulo mubwerere. Mukaona kuti katundu wa galu wakulemerani, musiyeni kunyumba ndi munthu womupatsa chakudya, inu mubwere nokha tikulandirani.

Wonyamula katundu m'phiri,
Likhubula, Mulanje