Za malo ukufuna kugula m'mbali mwa Shire

Mwana wanga wokondedwa,

Ndikhulupirira muli bwino nonse kumeneko, iwe, apongozi ndi adzukulu anga. Ife kuno tilipo, kungoti mayi ako miyendo ija ikuwavutabe. Zithunzi za malo a ku Liwonde unatumiza pa WhatsApp zija ndaziona, ndipo ndasankha kukulembera kalata chifukwa pa foni umandidula mawu ndisanamalize.

Maganizo omanga malo ogona alendo ndi kugula boti si oipa ayi. Chiyambire 2015, pamene a African Parks anayamba kuyang'anira paki ya Liwonde, nyama zachuluka. Anabweretsa mikango mu 2018, nawonjezera zipembere mu 2019, ndipo masiku ano ngakhale Amalawi anzathu akumalipira kuti akwere boti chakumadzulo, akaone njovu zikumwa madzi ndi nkhwazi zikuwakha nsomba. Ndalama ilipo pamenepo, sindikukana. Chimene ndikukana ndi malo wasankhawo.

Tatsegulanso chithunzi chachitatu, chija chili ndi mtengo waukulu kumanzere. Yang'anitsitsa thunthu lake. Kuchokera pansi kufika cha m'chiuno mwa munthu khungwa ndi lotuwa, ndipo pamwamba pake pali mzere wowongoka ngati wojambula dala. Amenewo ndi matope, mwana wanga, ndipo mzerewo ndi pomwe madzi analekeza. Dothi lake ndi lakuda, long'ambikang'ambika, bango wafika mpaka pomwe ukuti padzakhala khonde. Wogulitsayo anakuitana mu Okutobala, dzuwa litaumitsa ponseponse. Bwanji sanakuitane mu Epulo? Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa.

Mwina ukuti mvula ya ku Liwonde siichuluka kwenikweni. N'zoona, koma Shire sadzaza ndi mvula ya pa Liwonde yokha. Ndiye mtsinje wokhawo wotulutsa madzi m'nyanja ya Malawi. Mvula imene yagwa ku Karonga, ku Nkhata Bay ngakhale kumapiri a ku Tanzania imathera m'nyanja, nyanjayo n'kumakwera pang'onopang'ono mpaka cha mu Epulo kapena Meyi, kwanu kutayamba kale kuuma. Madzi onsewo njira yake ndi imodzi: pa Mangochi, m'nyanja ya Malombe, kenako pakhomo pakopo, ulendo wa makilomita pafupifupi 400 kukathira mu Zambezi ku Mozambique.

Ndiye pali zitseko za pa Kamuzu Barrage, zomwe anamanga mu 1965. Malo akowo ali kumtunda kwa zitsekozo. Amene amatsegula ndi kutseka saganiza za khonde lako. Iwo amaganiza za makina a magetsi a pa Nkula, Tedzani ndi Kapichira, amene amafuna madzi chaka chonse. Amaganiza za mapampu a pa Walker's Ferry okoka madzi akumwa a mu Blantyre, za nzimbe za ku Nchalo, ndiponso za anthu a ku Chikwawa ndi Nsanje amene amakokoloka madzi akatsika ochuluka nthawi imodzi. Unaona wekha mu 2024 nyanja itasefukira, malo ogona alendo a ku Mangochi ali m'madzi, eni ake akuchonderera kuti zitseko zitsegulidwe kwambiri. Enawo anali anthu a ndalama zawo, a nyumba za maziko olimba. Nanga iwe wa ngongole ya kubanki udzalirira kwa yani?

Mtsinjewu umadziwanso kuphwa. Kuchokera cha m'ma 1915 mpaka cha m'ma 1935, nyanja itatsika, Shire wakumtunda analeka kuyenda, mchenga ndi zomera zitatseka potulukira. Agogo ako ankasimba kuti anthu ankawoloka wapansi n'kumalima momwe lero mukudutsa maboti. Za 2016 ndi 2017 sindikuuza, unali wamkulu kale, unkagona mumdima chifukwa madzi anachepa.

Chimene chandipweteka kwambiri ndi mawu ako oti udzalambula bango yense ndi kugwetsa mitengo kuti alendo aziona madzi bwino. Usayerekeze. Bangoyo ndiye wagwira gombe. Ukamuchotsa, mvula ziwiri zokha gombe lidzayamba kugumuka, ndipo mtsinje udzadya malo amene wagula ndi ndalama zako. M'bango momwemo ndi mobisala tiana ta makumba ndi milamba, ndi momwe atchete amapachika zisa zawo, zinthu zimene alendo akowo akulipirira kuti adzaone. Dothi logumukalo silithera pompo. Limakakumana ndi lina lochokera ku Rivirivi ndi ku Lisungwi, kumene mitengo inatha ndi makala, n'kukadzaza madamu a magetsi. A EGENCO amataya ndalama zambiri kuvuula matope ndi kuwola namasupuni kuti makina asatsamwe. Ukadzapitanso, ukaime pa mlatho wa pa barrage uone milu ya zomera imene amakoka m'madzimo. Ndipo namondwe Ana atagumula damu la Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. Ndiwe wemwe unkadandaula kuti mafuta a jenereta akukudyera phindu la shopu.

Chimbudzi ndi dzenje la madzi oipa zikhale kutali ndi gombe. Izi usachite kuuzidwa ndi a khonsolo. Madzi amene adzukulu anga akumwa pampopi mu Blantyre ambiri amachokera mu Shire momwemo, kumunsi kwa Liwonde.

Alendo adzafuna chambo, ndikudziwa. Ku Malombe chambo chinali chosasowa ine ndili mnyamata, koma pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 chinali chitatha ndi makoka a maso ang'onoang'ono, n'kutsala kambuzi. Ukadzatsegula malo ako, uziona nsomba zimene ukugula. Wobwera ndi tiana togwidwa ndi neti ya udzudzu umubweze, ngakhale atsitse mtengo chotani. Nyengo yotseka usodzi ikafika, alendo adye nkhuku.

Pali kanjira kena pachithunzi choyamba, kotsikira kumadzi. Ndafuna ukafunse kuti n'ka yani. Ngati ndi kotakata, ka mizere iwiri yoyendera limodzi, ndi ka mvuu, ndipo mvuu siisintha njira chifukwa munthu wamanga nyumba. Imatuluka usiku kukadya msipu, ndipo woima pakati pa iyo ndi madzi sakhala ndi mwayi wofotokoza. Ngati ndi ka anthu, ndiye kuti pamenepo ndi padooko, pomwe amayi amatunga ndi kuchapa, asodzi n'kukocheza mabwato. Anthu amenewo mtsinjewo ndiye munda wawo. Ukadzawatsekera ndi mpanda, sudzagona tulo, ndipo ine sindidzakuikira kumbuyo. Za ng'ona sindichulutsa mawu: pa Liwonde sasambirapo, mlendo aledzere chotani, ndipo m'boti aliyense avale jekete yoyandamitsa, kuyambira mwini wakewe.

Tsono chita izi. Usapereke chikole chilichonse pakadali pano, ngakhale akuuze kuti pali wina wa ku Lilongwe akufuna malo omwewo. Amatero onse. Ukaonane ndi amfumu a mudziwo, osati wogulitsa yekhayo, ndipo ukacheze ndi nkhalamba ziwiri zitatu zimene zinabadwira pompo, zikakulozere pomwe madzi anafika mu 2015 ndi nthawi ya Freddy mu 2023. Ukafunsenso ku ofesi ya malo ndi ya zamadzi kuti lamulo likulola kumanga kuyambira pati. Pachithunzi chomaliza ndaona kachitunda kumbuyo, pali mlambe. Ukafufuze mwini wake. Mlendo sangalephere kuyenda mphindi zisanu kupita kuboti.

Ndikufuna tidzapitire limodzi kumapeto kwa Epulo, madzi ali pachimake. Udzanditengere pa Zalewa, ndipo udzabwere ndi mapeya awiri a majombo, anga anang'ambika. Mayi ako akuti uwapatse moni apongozi, ndiponso akufunsa ngati wamng'ono uja wayamba kuyenda.

Ndine,
Bambo ako